Kamnyamata ka Anyezi: Nthano ya Cipollino

Lero tikambirana za buku la ana m'mene zipatso ndi ndiwo za m'dimba zimalankhula ndi kucita zinthu monga anthu. Analilemba ndi Gianni Rodari wa ku Italy, amene anabadwa m'caka ca 1920 namwalira mu 1980. Poyamba iye anali mphunzitsi wa ana aang'ono, ndipo pambuyo pake anakhala mtolankhani. Anakulira mu ulamuliro wankhanza wa Mussolini, ndipo pa Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse anagwirizana ndi amene anali kulimbana ndi ulamulirowo. Buku lake lonena za Cipollino linatuluka mu 1951.

Cipollino ndi kamnyamata ka anyezi, kobadwira m'banja losauka. Tsiku lina wolamulira dzikolo, Kalonga Ndimu, anabwera kudzayendera anthu ake. Khamu litakankhana, atate wace wa Cipollino anaponda phazi la kalongayo mwangozi. Cifukwa ca ici cokha anawatsekera m'ndende moyo wao wonse. Mwanayo atapita kukawaona, anapeza kuti m'ndendemo munadzaza anthu osalakwa, pamene akuba anali kudya bwino kunyumba yacifumu. Motero anauyamba ulendo wokaphunzira za dziko.

Pa ulendowo anakumana ndi nkhalamba ina ya mtundu wa maungu, dzina lace Zucchina, imene inasunga tindalama moyo wace wonse kuti igule njerwa zomangira kanyumba kakang'ono. Kapitao wa eni munda, Pomodoro, ndiye kuti Tomato, anailanda kanyumbako naikamo galu. Cipollino atamnyoza poyera, kapitaoyo anamgwira tsitsi nalizula. Inu nonse mudziwa cimene cimacitika munthu akasenda anyezi. Mkulu woopsa uja anagwetsa misozi anthu onse akuona, nathawa ndi manyazi.

Tsono tifunse: n'cifukwa ciani mlembi wanzeru cotere anasankha anyezi ndi tomato kuti anene nkhani yolemera ya cilungamo? Yankho lace ndi lakuti mwana amazidziwa kale zinthu zimenezi. Adziwa kuti ndimu ndi wowawasa, ndi kuti anyezi, ngakhale ndi wochipa, amaliza aliyense, wolemera ndi wosauka yemwe. Mukamuuza mwana za ndende ndi kulanda malo mwacindunji, acita mantha kapena sangamve. Koma mukamuuza za Tomato wonyada amene analira, aseka, ndipo m'kusekako aphunzira kuti wamphamvu naye akhoza kugonja. Makolo athu anacita cimodzimodzi pamene anatisimbira za Kalulu ndi Njobvu madzulo pamoto.

Taonaninso kuti Rodari sanaphunzitse ana cidani. Mmodzi wa mabwenzi okhulupirika a Cipollino ndi Ciliegino, mwana wa m'banja lolemera lomwe lija la eni munda. Pomaliza, kalonga atacotsedwa pampando, nyumba yaikulu ya eni munda inasanduka malo a ana, ndipo munakhalanso sukulu. Bukuli linamasuliridwa m'zinenero zambiri, linachuka kwambiri ku Soviet Union, ndipo mu 1970 Rodari analandira mphotho ya Hans Christian Andersen, imene imaperekedwa kwa alembi opambana a mabuku a ana.

Nthano zotere si za akulu okha kuzipeka. Ku Britain, mtsikana Jayne Fisher anayamba kulemba timabuku ta Garden Gang ali ndi zaka 9 zokha, ndipo kampani ya Ladybird inatisindikiza. Cifukwa cace, inu aphunzitsi ndi makolo, tengani ana anu kudimba. Afunseni cimene therere linganene kwa dzungu, ndi mlandu umene nyemba zingakhale nao pa cimanga cimene zimayangako. Ndipo akatha kusimba, afunseni funso limodzi lokha: kodi m'nthanoyi analakwa ndani?