Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsekera Maphunziro a Ozimitsa Moto ku Blantyre

 

M'mawa muno ndinaima pabwalo loyeserera ndikuyang'ana wotchi pamene belu linalira. Ndinaona inu ozimitsa moto mukuvala, mukutambasula mapaipi, wina akukwera makwerero, ena awiri akulowa m'chipinda cha utsi atabereka masilinda a mpweya n'kutuluka atanyamula chidole cholemera ngati munthu. Mnzanga wina anandinong'oneza kuti, "Bwanji akungobwereza zomwezomwezo?" Funso limenelo ndiliyankhe pano.

Moto sudikira kuti munthu akumbukire zimene analemba m'kope. Mu utsi maso sagwira ntchito. Umakwawa, dzanja lili pakhoma, ukudalira mnzako amene ali kumbuyo. Silinda ija imatha pafupifupi theka la ola, ndipo munthu wamantha, wopuma mwawefuwefu, amaimaliza msanga kuposa apo. Thanki ya galimoto nayo imauma m'mphindi zochepa. Ndiye amene sanazolowere kulumikiza paipi mumdima, kapena sadziwa pamene pali mpopi wa ozimitsa moto ku Limbe, adzaziphunzirira pamaso pa mayi amene katundu wake akupsa. Manja ayenera kudziwa okha, ndipo manja amaphunzira pobwereza.

Mzinda uno waona zambiri. Mu 2013 tinaona likulu la Escom likuyaka pakati pa tauni. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala ya phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe. Tsiku limenelo kunalibe lawi, kunafunika zingwe, mafosholo ndi anthu odziwa kutulutsa munthu wopanikizika. Choncho ndakondwa kuti mwaphunziranso kupulumutsa anthu m'madzi ndi m'magalimoto ophwanyika. Nanga timisewu ta ku Ndirande ndi ku Mbayani? Kumeneko galimoto yanu imaima kutali, paipi n'kuyenda pamapewa. Kayeserereni komweko, anthu akuoneni musanafike tsiku la tsoka.

Amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndiye akuluakulu a khonsolo mundikhululukire. Maphunziro a m'hotela kunyanja, a ma alawansi ndi mabotolo a madzi patebulo, sanazimitsepo moto. Ndalama imeneyo gulirani dizilo woyeserera, thovu lozimitsira moto wa mafuta, nsapato, magolovesi, ndipo masilinda azidzazidwa mpweya. Mukhale pansi ndi a Blantyre Water Board, muyendere mipopi ya ozimitsa moto ija umodziumodzi. Ina inakwiririka ndi dothi, ina anamangapo timagolosale.

Inu a m'misika, mbali yanu ilipo. Mawaya olumikiza mwachinyengo, mbaula yosiyidwa ndi makala usiku, kandulo magetsi akathima, petulo wosungidwa m'zigubu: moto wambiri umayambira pamenepo. Mafuta ophikira akayaka musathire madzi, vundikirani. Ukakhala moto wa magetsi, thimitsani kaye magetsiwo. Ndipo imbani foni utsi ukangooneka. Ena amayamba ndi ndowa, n'kuimba denga litagwa, kenaka n'kumagenda galimoto kuti yachedwa. Mwala umenewo umaphwanya galasi la galimoto imene mawa idzafunika kwanu.

Kwa inu amene mukulandira masatifiketi, pepalalo kapachikeni kunyumba, ana alione. Koma Lolemba m'mawa belu lilirenso pabwalo paja, ndipo amene munali pano muphunzitse anzanu amene anatsala pa ntchito.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti maphunzirowa atsekedwa.