Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku la Ogwira Ntchito ku Petauke



Kuno kwathu kupita kutali kukafuna ntchito sikunayambe lero. Agogo athu ankayenda wapansi kukagwira m'mafamu ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia, ena mpaka ku Joni, ndipo ambiri anakhala matchona. Lero ana athu akukwera basi pa Great East Road, kuwoloka mlatho wa Luangwa, kukagwira ntchito zam'nyumba ndi zaulonda ku Lusaka. Kawirikawiri amene amawatenga ndi ma ejenti.

Sindinabwere kudzanyoza ma ejenti onse. Ena amagwira ntchito yawo moona, ndipo nawonso ali ndi madandaulo: mtsikana amuphunzitsa, amupezera malo, mwezi usanathe wathawa osatsanzika. Zimenezo tikuzimva.

Koma taonani zimene zimachitika. Munthu afika pamudzi ndi foni m'manja, nauza mayi kuti mwana wanu akadya bwino ku tauni. Transipoti alipira yekha. Kufika ku Lusaka, chitupa cha NRC cha mwanayo achisunga, malipiro a mwezi woyamba atenga ati ndi ngongole ya basi, a mwezi wachiwiri ati ndi ya yunifomu. Mwana alibe pepala lililonse, ndipo kumene akukhalako sadziwa ngakhale dzina la msewu. Akafuna kubwerera, abwerera ndi chiyani?

Malamulo tili nawo. Employment Code Act ya 2019 imafuna kuti aliyense wochita bizinesi yopezera anthu ntchito akhale ndi chilolezo chochokera kwa Labour Commissioner, ndipo ntchito ya miyezi 6 kapena kuposa iyenera kukhala ndi kontrakiti yolembedwa. Kuyambira Januwale 2024 boma linakweza malipiro otsikitsitsa a wantchito wam'nyumba kufika pa K1,300 pamwezi. Mu 2013 dziko lathu linavomereza pangano la ILO nambala 181, lomwe mfundo yake ndi yakuti ejenti asadyere pa wofuna ntchito. Wonyengerera mwana kuti akamugwiritse ntchito mokakamiza akumana ndi lamulo la 2008 loletsa kugulitsa anthu, ndipo kumeneko ndi kundende.

Vuto ndi lakuti malamulowa amathera m'maofesi, safika kwa mayi wa kwa Kalindawalo kapena kwa Ndake. Apa ndiye ndikudalira inu a nyakwawa ndi a mipingo. Ejenti akabwera, ayambe waonekera kwa inu ndi chilolezo chake. Inu makolo, mwana asakwere basi musanadziwe dzina la bwana wake, kumene akukakhala, ndi ndalama zimene azilandira, zonsezo papepala. Mufunsenso ngati akamulembetsa ku bungwe la penshoni la NAPSA. Wosakwana zaka zogwirira ntchito akhale kusukulu, ngakhale njala itavuta chotani.

Inu a ofesi ya Labour, tulukani mufike m'misika ndi pamasiteshoni a basi, anthu akudziweni nkhope. Ndipo wina akakana kuonetsa chilolezo, chonde kamuneneni kupolisi tsiku lomwelo.