Musalime M'munda wa Eni



Masiku ano ntchito zambiri za m'nyumba ku Johannesburg ndi ku Cape Town zikupezeka kudzera pa foni. Bwana akakhutira amapereka nyenyezi, ndipo nyenyezizo ndi zimene zimakopa bwana wotsatira. Koma kulembetsa kumafuna mapepala. N'chifukwa chake amene mapepala awo sanakwane amabwereka akaunti ya mnzawo. Kumafamu nakonso, ena amalandirira malipiro pa akaunti ya kubanki ya m'bale wawo.

Taganizani: mwachapa, mwasita, mwakolopa chaka chathunthu, koma mbiri yabwino yonseyo yalembedwa pa dzina la wina. Tsiku limene mudzasemphane Chichewa, mwini akauntiyo adzangosintha nambala yachinsinsi, ndipo nyenyezi, mabwana ndi ndalama zidzatsala kwa iye. Kampani kapena banki imadziwa munthu amene analembetsa, osati amene anakhetsa thukuta. Wobwereketsa nayenso sali pabwino, pakuti m'nyumba ya bwana mukasowa kanthu, dzina limene lidzade ndi lake. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Tsono titani? Choyamba, nambala ya foni yanu ikhale m'dzina lanu, monga lamulo la RICA limafunira ku South Africa, chifukwa mauthenga otsegulira akaunti amafikira pa nambalayo. Chachiwiri, sungani kope lolembamo tsiku, malo, maola ndi ndalama zimene mwalandira, ndipo mauthenga a WhatsApp ochokera kwa bwana musawafufute. Chachitatu, posiya ntchito pemphani kalata yotsimikiza kuti munagwira ntchito pamalopo. Lamulo la Basic Conditions of Employment Act la 1997 limakupatsani ufulu umenewu. Kalatayo ndi mbiri imene palibe angakutsekereni.

Musaganize kuti kusowa kwa mapepala kumakuchotserani ufulu wonse. Mu 2008, khoti loona za ntchito m'dzikolo linagamula kuti mlendo amene chilolezo chake chatha ndi wantchito ndithu pamaso pa lamulo. Akakuchotsani ntchito mopanda chilungamo, muli ndi masiku 30 okadandaula ku CCMA, ndipo simulipira kanthu. Koma kumeneko adzafunsa kuti anakulembani ntchito ndani, ndipo umboni uli kuti. Ngati zonse zili m'dzina la wina, mudzayankha chiyani?

Amene muli kale pa akaunti ya mnzanu, khalani naye pansi sabata ino pamaso pa mboni, mulembe mgwirizano wa ndalama, kenaka muyambe kukonza zanuzanu.