NYUMBA ZA KANEMA ZAKALE: TISADIKIRE ZIGWE KENAKA N'KUMALIRA



Mwandipempha kuti ndiyankhule za chinthu chimene anzanga ena amati ndi misala yanga, ndicho kuyendera nyumba zakale zoonetseramo kanema. Anthu akafika mumzinda wachilendo, ena amayamba afunsa kumene kuli msika, ena tchalitchi, ena kumowa. Ine ndimafunsa kumene kudali kanema. Khalidweli ndidaliyamba m'zaka zimene ndidakhala ku London, nthawi ija ambirife kwathu kunkangomveka m'makalata. Madzulo ano ndikufuna ndikuuzeni chimene chidapulumutsa nyumba zina, chimene chidagwetsa zina, ndiponso chimene ife kuno tingachite.

Kodi mukudziwa kuti nyumba za kanema zidabadwa chifukwa cha moto? Filimu zakale, kufikira cha m'ma 1950, zinkapangidwa ndi mankhwala otchedwa nitrate, amene akagwira moto sazima ngakhale muwaviike m'madzi. Poyamba kanema ankaonetsedwa paliponse, m'masitolo, m'matenti ndi m'maholo a misonkhano, ndipo ngozi zidachuluka. Tsono m'chaka cha 1909 Nyumba ya Malamulo ya ku Britain idakhazikitsa lamulo lotchedwa Cinematograph Act, lakuti makina oonetsera kanema azikhala m'kachipinda kaokha kotchingidwa ndi khoma losagwira moto. Kuyambira pamenepo amalonda adayamba kumanga nyumba zakezake za kanema. Imodzi mwa zoyambirira ndi Duke of York's ya ku Brighton, imene idatsegulidwa mu 1910. Chomwecho mukalowa m'holo yakale n'kuona timabowo tiwiri kapena titatu m'mwamba mwa khoma lakumbuyo, dziwani kuti mwaima m'nyumba ya kanema, ngakhale pakhomo atalembapo dzina lina.

Malondawo adakula kwabasi. M'chaka cha 1946 chokha, matikiti a kanema amene adagulitsidwa ku Britain adaposa 1,600 miliyoni. Koma kudabwera wailesi ya kanema, pambuyo pake vidiyo, ndipo pofika 1984 matikiti adatsika kufika pa 54 miliyoni basi. Nyumba zazikuluzikulu zidatsala zili pululu. Ine ndidazipeza pa nthawi imeneyo, zina zikugwetsedwa, zina zikusanduka zinthu zina.

Yoyamba kuiyendera idali Granada ya ku Tooting, kummwera kwa London. Idatsegulidwa mu 1931 ndi Sidney Bernstein, ndipo m'kati mwake adakonza ndi katswiri wa zisudzo wochokera ku Russia, Theodore Komisarjevsky. Munkalowa anthu pafupifupi 3,000. Frank Sinatra adaimbamo mu 1953, a Beatles mu 1963. Kanema adalekeka mu 1973, ndipo patapita zaka zochepa mudayamba kuseweredwa bingo, juga ya manambala imene amayi achikulire a kumeneko amaikonda. Kuti ndilowe adandiuza kuti ndilembetse umembala wa bingo, ine wosadziwa ngakhale kagwiridwe ka khadi lake. Ndidalembetsa ndithu.

Abale anga, ndidalowa n'kuima chilili. Mukadutsa pakhomo mumafika m'chipinda chachitali cha magalasi mbali zonse, kenaka m'holo imene makoma ake adawaumba ngati a tchalitchi chachikulu cha makedzana, okhala ndi nsanamira, mazenera a mitundumitundu ndi zithunzi za anthu akale. Pansi adachotsa mipando n'kuikapo matebulo a bingo, koma m'mwamba mipando ya kanema idali ikadalipo. Mayi wina ataona kuti ndikungoyang'ana kudenga m'malo mochonga manambala adandifunsa ngati ndadwala. Nditamufotokozera adaseka, nati iye adakumana ndi malemu mwamuna wake m'mipando ya m'mwambayo.

Tsiku limenelo ndidatuluka ndili wokwiya kuti nyumba yokongola chotere aisandutsa ya juga. Lero ndimaona kuti mkwiyo wangawo udali wachibwana. Eni bingo ndiwo ankakonza denga, kulipira magetsi ndi kulemba alonda. Pakadapanda iwo, mvula ndi akuba akadaimaliza. Mu 2000 boma la Britain lidaika nyumbayi m'gulu lapamwamba kwambiri la nyumba zotetezedwa, limene amalitcha Grade I, ndipo idali nyumba ya kanema yoyamba kulandira ulemu wotere. Chimodzimodzi Gaumont State ya ku Kilburn, ya mu 1937, ya mipando 4,004: idakhala ya bingo zaka zambiri, kenaka mpingo wina udaigula mu 2007. Phunziro loyamba ndi limeneli: nyumba imakhala moyo ngati muli munthu. Imene imafa msanga ndi yotsekedwa ndi loko.

Phunziro lachiwiri ndidaliphunzira ku East Finchley, kumpoto kwa London, pa kanyumba kakang'ono kotchedwa Phoenix. Kadatsegulidwa mu 1912 ndipo kadasintha maina kangapo: Picturedrome, Coliseum, Rex, mpaka Phoenix mu 1975. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 amalonda adafuna kukagwetsa kuti amangepo maofesi. Anthu a m'deralo adakana. Adasaina zikalata, adavutitsa makhansala, adakhazikitsa bungwe losafuna phindu, ndipo mu 1985 khonsolo yaikulu ya mzinda wa London idapereka ndalama zoti bungwelo ligule nyumbayo. Adali anthu wamba, aphunzitsi, opuma pa ntchito, ogulitsa m'masitolo. Paja akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Pano mwambiwo udakwanira ndendende, poti chimene adasenza chidali denga lenileni.

M'chaka chomwecho cha 1985, ku Johannesburg kudachitika zosiyana. Mumsewu wa Commissioner mudali Colosseum, ya mu 1933, yolowa anthu oposa 2,000, imene denga lake adalikonza kuti lizioneka ngati thambo la usiku lokhala ndi nyenyezi. Anthu adadandaula, adalemba m'manyuzipepala, koma malo amene nyumbayo idaimapo adali a mtengo wapatali kuposa matikiti amene inkagulitsa, ndipo lamulo silidaiteteze. Idagwetsedwa. Ili ndi phunziro lachitatu: chikondi chopanda lamulo sichiimitsa chigalimoto chogumula nyumba.

Koma pa nkhani ya Colosseum ndiyenera kunena chilungamo. Malume anga adapita ku Joni pa Theba, adagwira ntchito m'migodi zaka zambiri, ndipo mumsewu umenewo ankadutsamo. M'nyumbamo sakadaloledwa kulowa chifukwa cha khungu lawo. Kanema wawo, amene ankamutcha bayisikopo, ankamuonera ku komponi, panja, atakhala pansi. Ntchito yoonetsa kanema m'makomponi adaiyambitsa ndi mmishonale wa ku America, Ray Phillips, m'zaka za m'ma 1920, ndipo eni migodi adaikonda poganiza kuti izikhazika mitima ya antchito pansi. Tsono wina angandifunse kuti: iwe ukulirira chiyani nyumba imene malume ako ankaiona kunja kokha?

Funsoli ndi lolemera, ndipo yankho langa ndidalipeza poganizira za mzinda wa Asmara ku Eritrea. Kumeneko atsamunda a ku Italy, m'nthawi ya Mussolini, adamanga nyumba za kanema monga Impero ndi Roma mu 1937, mumzinda umene udali wogawidwa motsata khungu. Atsamunda adachoka, nkhondo ya ufulu idatenga zaka 30, koma eni dziko sadagumule nyumbazo. Adazitenga kukhala zawo, poti manja amene adasenza simenti ndi njerwa adali a makolo awo. Mu 2017 bungwe la UNESCO lidaika Asmara pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa pa dziko lonse. Nyumba ya tsankho ikaima, mumatha kutenga mdzukulu n'kumuonetsa khomo limene agogo ake ankabwezedwa. Ikagwa, umboniwo wapita nayo, ndipo mawa wina adzanena kuti zinthu zotere sizidachitike.

Tsopano tibwere kwathu. Ambiri a ife kanema woyamba tidamuonera pabwalo la sukulu kapena la mpira, galimoto ya boma itaimika chinsalu dzuwa litalowa. Ena mwa mafilimuwo ankapangidwa ndi Central African Film Unit, imene idakhazikitsidwa mu 1948 kuti izipanga kanema wa anthu a ku Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri aja. Amene tidakulira m'tauni tidalawako wa m'nyumba, ndipo ndikangotchula Apollo ya mu Blantyre ndikuona ena mwa inu mukumwetulira. Mukukumbukira mzere wa matikiti Loweruka masana, mluzu pamene nyali zikuzima, ndi mmene tinkachenjezera kauboi kuti mdani ali kumbuyo kwake, ngati akutimva.

Mukukumbukiranso zina. Kanema asanayambe ankaonetsa a Kamuzu Banda pachinsalu, nyimbo ya fuko ikuimbidwa, tonse titaimirira. Filimu ili yonse inkayamba yadutsa ku bungwe loyesa mafilimu, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1968. Mwamuna ndi mkazi akangoyandikana milomo, chithunzi chinkadumpha, n'kungoona ali kale pagalimoto, holo yonse n'kukuwa. Ana athu tikawauza zimenezi amaganiza kuti ndi nthano. Mbiri imeneyi idachitikira m'maholo amenewo, ndipo palibe buku limene lingaifotokoze bwino koposa kuima m'menemo.

Apa ndiulule tchimo langa. Nditabwerako mu 1994, ndidapita kukaona holo ina imene ndinkaonerako kanema ndili mnyamata. Kanema adali atalekeka, anthu atazolowera mavidiyo a m'misika. Pofunsafunsa adandilozera kwa bambo wina wachikulire amene ankayendetsa makina m'holo imeneyo zaka zambiri. Adandilandira bwino, nanditulutsira makope atatu a sukulu. M'menemo adalembamo filimu ili yonse imene adaonetsa, tsiku lake, ndi malo amene idadulidwa. Ndidati, “Bambo, ichi ndi chuma. Ndibweranso ndi makina ojambulira mawu kuti mundiuze zonse.” Iwo adati, “Mufulumire mwana wanga, ine zaka zatha.” Ine ndi zisankho, ndi kufunafuna ntchito, ndi kumanga nyumba, ndidabwerera patapita zaka ziwiri. Ndidapeza adaikidwa kale. Makope aja palibe adadziwa kumene adapita. Mdzukulu wina adati mwina adayatsira mbaula. Sindiimba mlandu banjalo, iwo sadauzidwe kuti n'zofunika. Wolakwa ndine, amene ndidadziwa koma n'kuzengereza. Madzi akatayika saoleka.

Nanga tichite chiyani? Ndili ndi zopempha zisanu, ndipo palibe chimene chikufuna ndalama zambiri.

Choyamba, tiwerenge. M'tauni ili yonse, tilembe pamene padali kanema, kuphatikizapo maholo a migodi, a maesiteti, a mishoni ndi malo oonera kanema uli m'galimoto. Tilembe amene adamanga, amene ali mwini wake lero, ndi chimene chikuchitikamo.

Chachiwiri, tiyendere, koma mwaulemu. Pemphani kwa mwini wake kapena kwa abusa, musangolowa ndi kamera ngati apolisi. Mukalowa yang'anani timabowo ta makina, pansi potsetsereka, kazenera ka matikiti, masitepe okwerera m'mwamba, ndi zitseko. Zitseko za kanema zimayenera kutsegukira kunja. Ku Paisley, Scotland, pa 31 December 1929, ana 71 adafa pothawa utsi wa filimu chifukwa khomo lothawira silidatseguke. Jambulani zonsezi, ndipo zithunzizo mupatseko mwini nyumba.

Chachitatu, tiyambire kudenga. Mdani wamkulu wa nyumba yakale ndi madzi. Lata limodzi likabooka kapena ngalande ikatsekeka ndi masamba, matabwa amaola, chiswe chimalowa, pulasitala amagwa. Kusintha malata asanu lero n'kotchipa kuposa kumanga khoma mawa.

Chachinayi, tisanyoze mpingo kapena wamalonda amene watenga holo. Tikhale naye pansi, timupemphe zinthu zochepa: asagumule kutsogolo kwa nyumba, asatseke timabowo, asataye makina akale, ndipo ngati n'kotheka alole kanema kamodzi pa mwezi. Pamene nyumba ili yofunikadi, tilembere ku dipatimenti ya boma yoona zinthu zakale kuti aiganizire pansi pa lamulo la Monuments and Relics Act. Timanyadira Mandala House ya mu 1882 ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels; malo amene anthu wamba ankasekera ndi kulirira nawonso ndi mbiri ya dziko.

Chachisanu, ndipo ichi n'chachangu kuposa zonse, tipite kwa anthu. Oyendetsa makina, ogulitsa matikiti, ounikira mipando ndi tochi, ojambula zikwangwani, amene atsala ndi okalamba. Lero foni ili yonse imajambula mawu, palibe chowiringula ngati changa chija. Zimene mwajambula, pamodzi ndi matikiti, zithunzi ndi makope akale, mukasiye ku National Archives ku Zomba kapena ku nyumba yosungira zakale ku Chichiri.

Ndikudziwa kuti wina akuti dziko lili ndi njala, mankhwala akusowa, iwe ukukamba za kanema. Zoona, ndipo sindikupempha kuti ndalama ya chipatala ipite ku denga la holo. Ndikupempha Loweruka limodzi, kope limodzi ndi ulendo wa minibasi. Pakhomo pali pepala. Amene mukudziwa holo yakale, kapena munthu amene adagwirako ntchito, mulembepo musanatuluke. Ine wa makope atatu uja ndidamuchedwerera. Amene mukumudziwa inuyo mwina akadali moyo mwezi uno.