Ana Athu a ku Koleji ndi Masewero Olimbitsa Thupi

Amayi ndi abambo, makolo anzanga, nkhani yathu lero ndi ya ana amene timawatumiza ku makoleji. Timada nkhawa ndi fizi, sopo ndi ndiwo zawo, koma sitifunsa ngati matupi awo akugwirabe ntchito.

Mwana wa kuno ku Mulanje amakula akuyenda. Amatunga madzi, amakwera m'phiri kukatola nkhuni, amapalasa njinga atanyamula nanazi kupita ku msika wa Chitakale kapena ku Limbuli. Tsono akasankhidwa kupita ku MUST ku Thyolo, ku Catholic University ku Nguludi, kapena ku sukulu ya anamwino ku Mulanje Mission, zonsezi zimatha tsiku limodzi. Kogona, kalasi ndi kodyera zili pafupi. Nthawi yotsala amakhala pansi, maso ali pa foni, ndipo ulendo waufupi akwera kabaza.

Kodi ndi ulesi? Ine ndikuti ayi. Zina mwa zimenezi amaziphunzira kwa ife. Mwana akabwera ku tchuthi atanenepa timaomba m'manja, ati sukulu yamuyanja. Akabwera wochepa thupi, anthu amayamba kunong'ona. Manong'onong'o amenewa anakula m'zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inkatenga abale athu ambiri ndipo kuonda kunkachititsa mantha. Mantha aja anali ndi chifukwa chake, koma anatisiyira maganizo akuti mimba yaikulu ndi umboni wa moyo wabwino. Palinso ena amene amati munthu wophunzira satuluka thukuta, khasu ndi la amene sukulu inawakanika. Kwa atsikana ndiye zimanyanya: ati mpira umaumitsa thupi, mwina sadzabereka. Limeneli ndi bodza. Mwawi Kumwenda anafika mpaka ku Australia chifukwa cha mpira wamanja womwewu.

A zaumoyo akunena zosiyana ndi zathuzi. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 mothandizana ndi bungwe la WHO anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa. Matendawa, pamodzi ndi shuga, sabwera ndi phokoso. Amayamba pang'onopang'ono munthu akadali wachinyamata, n'kudzamugwetsa ndi sitiroko atayamba kale ntchito, banja lonse likudalira iye. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Kumeneku ndi kuyenda ndawala mphindi 30 kwa masiku asanu basi.

Komatu kudziwa kokha sikudzutsa munthu pa bedi. Ophunzira unamwino amadziwa zonsezi kuposa ine. Wachinyamata wa zaka 20 samva kupweteka paliponse, ndiye mukamuuza za matenda a m'tsogolo amangoti ndamva. Chimene chimamudzutsa ndi mnzake wogogoda pa chitseko mbandakucha kuti tiye tikathamange. Akajomba, anzake a timu amamufunsa, ndipo manyazi abwino amenewa amamubweza ku bwalo. Pa maphunziro a uphunzitsi tinkauzidwa kuti mwana sasewera yekha. Wamkulunso ndi chimodzimodzi. Akuluakulu anati kuyenda awiri si mantha. Mtsikana sangathamange yekha mumsewu kukadali mdima, koma akakhala anayi amapita. Anzake omwewo angathenso kumukokera ku mowa Loweruka lonse, n'chifukwa chake funso lakuti "ukucheza ndi yani?" ndi lofunika ngati lakuti "mayeso wakhoza bwanji?"

Onani anyamata ndi atsikana amene amathamanga mpikisano wa Porters Race kuchokera ku Likhubula kukwera phiri lathu. Ambiri amakonzekera m'magulu, wina akatopa mnzake amamulimbitsa mtima.

Pa tchuthi chikubwerachi, mwana akatenga khasu kapena ndowa musamulande poti ndi wa ku koleji. Ndikupemphanso atsogoleri a achinyamata m'malimana athu kuti akonze ulendo wapansi wopita ku Dziwe la Nkhalamba, ndipo aitane a ku koleji pamodzi ndi anzawo otsala kumudzi. A komiti ya tchalitchi, bwalo lija limangokhala Lamulungu masana. Tigule mipira iwiri, wina wamiyendo wina wamanja, ndipo woisunga asankhidwe lero tisanabalalike.