MALO OPANDA NYUMBA ALI NDI ENI AKE

(Mau olankhulidwa kwa atsogoleri a Chipani ndi ogwira ntchito za Boma a m'dera la Namwera, m'boma la Mangochi)



Munthu wochokera ku Mangochi akakwera zitunda za Chowe ndi kutulukira pa Namwera, chimene chimayamba kumulonjera ndi njerwa. M'mbali mwa msewu wopita ku Chiponde mukumangidwa masitolo, zigayo, nyumba zogona alendo ndi mosungiramo katundu. Ena mwa omanga ndi anyamata amene anakhetsa thukuta ku Joni, ena ndi amalonda ogula nandolo, soya ndi chimanga, ndipo ena amadalira malonda a pa malire ndi anansi a ku Mandimba m'dziko la Mozambique. Zonsezi ndi zokondweretsa, ndipo palibe mtsogoleri wa nzeru amene angafune kuti zileke. Koma njerwa sizimangidwa m'malere, zimafuna nthaka. Tsono maso a omanga akayang'ana uku ndi uku, amakagwera pa bwalo limene lakhala lopanda nyumba chiyambire, ndipo mkangano umayambira pomwepo.

Mkangano umenewu ndi wodziwika pa malo a malonda ambiri m'dziko muno, ndipo mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zomveka. Ofuna masitolo amati malo ongomera udzu sadyetsa munthu. Amati achinyamata akusowa ntchito, khonsolo ikusowa ndalama za misonkho, ndipo mwini chuma akakanizidwa pano adzapita nacho ku Liwonde kapena ku Mangochi. Okana amati bwalolo ndi pamene ana amasewera mpira, pamene amayi amayala malonda tsiku la msika, pamene Asilamu amasonkhana pa mapemphero a Idi pakuti mzikiti umachepa, ndiponso pamene anthu amachingamira alendo a Boma. Amafunsanso funso lovuta: sukulu ikafuna kuwonjezera makalasi, kapena chipatala chikafuna chipinda cha amayi oyembekezera, adzamanga pati?

Pa nkhaniyi pali liu limodzi limene limasocheretsa anthu ambiri, ndilo lakuti malo “ongokhala”. Pa mapu a mu ofesi, malo opanda nyumba amaoneka oyera ngati pepala losalembedwa. Koma wofuna kudziwa ngati malowo ali ndi ntchito asafunse mapu; apite akakhalepo kwa sabata imodzi, kuyambira m'bandakucha kufikira madzulo. Adzaona njira ya kumjigo, njira ya kumanda, mbuzi zikudya msipu, a kabaza akudikira makasitomala, ndiponso ngalande imene madzi a mvula amatsata potsikira ku dambo. Zinthu zimenezi zilibe malisiti, n'chifukwa chake sizilowa m'kaundula wa khonsolo. Komabe zikachotsedwa, mtengo wake umalipiridwa ndi mayi amene ayenera kuzungulira mpanda ndi ndowa pamutu.

Anthu a Namwera safunika kuphunzitsidwa za kuwawa kwa kutaya nthaka, pakuti mbiri ya dera lino ndi mbiri ya nthaka. Asilikali a atsamunda atagonjetsa Mfumu Jalasi pa phiri la Mangochi mu 1895, ulamuliro wa malo unayamba kuchoka m'manja mwa eni dziko, ndipo patapita nthawi chigwa chachonde cha kuno chinadzaza ndi maesiteti a fodya. Ufulu utabwera, Lamulo la Malo la 1965 linagawa nthaka ya dziko lino patatu: malo a Boma, malo a munthu payekha, ndi malo a mafumu. Lamulo lomwelo linapatsa Nduna mphamvu yopereka lisi pa malo a mafumu, kawirikawiri ya zaka 21 kapena 99. Maesiteti, amene mu 1970 anali mazana owerengeka m'dziko lonse, anapitirira 14,000 pofika 1990. Chopweteka chinali chakuti lisi ikatha, malowo sankabwereranso kwa mfumu ndi mbumba yake. Ankasanduka a Boma. Mudzi umene unavomera mwaulemu kuti mlendo alime, unadzazindikira mochedwa kuti unatsanzikana ndi nthakayo mpaka kalekale.

Kubweza nthaka yotayika kunafuna ndalama zambiri. Pakati pa 2004 ndi 2011, Boma mothandizidwa ndi World Bank linayendetsa ntchito ya Kudzigulira Malo, imene inakhazikitsa mabanja opitirira 15,000 pa malo ogulidwa kwa eni maesiteti, banja lililonse pafupifupi mahekitala awiri. Ambiri mwa mabanjawo anakhazikika m'maboma a Mangochi ndi Machinga, ndipo ena anachokera kutali ku Thyolo ndi ku Mulanje. Chomwecho dziko linagula ndi ndalama chimene kale chinaperekedwa ndi cholembera. Amene akukambirana za bwalo la pa malo a malonda lero ayenera kukumbukira zimenezi, chifukwa nalo likamangidwa ndi simenti palibe ntchito ya chitukuko imene idzaligulenso.

Phunziro lachiwiri lili kumunsi kwa zitunda, m'boma lomwe lino. Woyenda pa msewu wochokera ku Mangochi kupita ku Monkey Bay amadutsa mitunda yambiri nyanja ili pafupi koma osaiona, kaamba ka mipanda ya mahotela ndi nyumba zopumulirako anthu achuma. Mahotela otchuka a kumeneko alemba ntchito ana a m'boma lino ndipo amabweretsa ndalama zakunja. Zimenezo palibe wotsutsa. Koma gombe linagawidwa pulotiimodziimodzi, popanda wina woima patali ndi kufunsa kuti msodzi adzakocheza kuti bwato lake, adzayanika pati usipa wake, ndipo mayi adzatsikira pati kukachapa. Puloti iliyonse payokha inkaoneka yaing'ono ndi yosalakwa. Zitaphatikizana, midzi ina inatsala ndi kanjira kopanikizika pakati pa makoma awiri. Umu ndi momwenso bwalo la pa malo a malonda limathera: silitengedwa tsiku limodzi, limadyedwa m'mphepete, lero kagolosale, mawa kachigayo, mpaka ana osewera mpira apeza kuti golo yawo ili pakhomo pa munthu.

Ngakhale ku likulu zoterezi zinachitika. Mu November 2019 dziko lonse linadzidzimuka kumva kuti amalonda ena anali ndi mapepala osonyeza kuti mbali ya malo a sukulu ya Livimbo, ku Area 2 mu mzinda wa Lilongwe, ndi yawo. Makolo anakwiya, aphungu a Nyumba ya Malamulo analowererapo, ndipo funso la aliyense linali limodzi: mapepalawo anawasaina ndani, ndipo anasaina liti? Ngati zotere zinatheka pafupi ndi maofesi akuluakulu a Unduna wa za Malo, kuli bwanji kuno kumalire kumene woyendera ntchito amafika mwa kamodzikamodzi?

Chiwerengero cha anthu nachonso sichilola chibwana. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'Malawi monse; wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni, ndipo boma la Mangochi lokha linali ndi anthu opitirira 1.1 miliyoni. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu January 2021, akufuna kuti mizinda ikule mwadongosolo, ndipo Mangochi ndi Monkey Bay zili m'gulu la madera osankhidwa kuti akhale mizinda yatsopano. Mzinda ukamakula kumunsi, malo a malonda a kumtunda kuno adzakulanso. Namwera wa zaka makumi awiri zikubwerazi adzafuna msika waukulu, pokwerera mabasi, malo otayako zinyalala ndi sukulu zina. Zonsezi zimamangidwa pa malo a Boma, ndipo Boma silingamange pa nthaka imene antchito ake anagawa kale.

Sikuti malamulo akusowa ayi. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo atsopano a malo, ndipo mu 2022 inawakonzanso. Mwa iwo muli lamulo la mapulani a kamangidwe, limene linafikitsa dongosolo la mapulani m'dziko lonse, kotero kuti malo a malonda a kumudzi salinso kunja kwa lamulo monga kale; wofuna kumanga kapena kusintha ntchito ya malo ayenera kupempha chilolezo kwa oyang'anira mapulani. Lamulo la malo a mafumu la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo pansi pa gulupu, okhala ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi mudzi, ndipo atatu mwa iwo, kapena kuposerapo, ayenera kukhala amayi. Mfundo imeneyi ndi yoyenera kwambiri kuno, kumene nthaka imayenda ndi mbumba ndipo mwamuna amakakhala kwao kwa mkazi. Palinso lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga kuchokera m'maofesi a Boma, limene linayamba kugwira ntchito mu September 2020. Pansi pa lamulo limeneli, munthu wamba ali ndi ufulu wofunsa khonsolo kuti puloti yakutiyakuti inaperekedwa kwa yani, ndipo kalaliki amene akubisa yankho ndiye wolakwa, osati wofunsayo.

Tsono yankho la mkanganowu silili pa kuletsa masitolo, ndiponso silili pa kugawa bwalo lonse. Lili pa kutsata zinthu mu ndondomeko yake. Pulani iyambe, maziko abwere pambuyo. Akatswiri a mapulani a khonsolo ya boma la Mangochi, pamodzi ndi mafumu ndi makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a dera, ayambe apatula malo a msika, a sukulu, a chipatala, bwalo la masewero, njira za anthu ndi ngalande za madzi, ndipo malire ake akhomedwe ndi zikhomo za simenti zooneka ndi aliyense. Zimene zatsala ndizo zingaperekedwe kwa amalonda, pa lisi yolembedwa, yotchula lendi ndi nthawi imene womanga ayenera kukhala atamaliza. Wotenga puloti ndi kungoikapo mulu wa mchenga kwa zaka zisanu, podikira kuti mtengo ukwere, sakubweretsa chitukuko. Akungosungitsa chuma chake pa nthaka ya anthu onse.

Msonkhano wofunsa maganizo a anthu nawonso ukhale msonkhano weniweni. Kuitana anthu Lachisanu masana, pamene ambiri ali ku mzikiti, kapena pa tsiku la msika, pamene amayi ali pa malonda, kenaka n'kulemba kuti anthu anavomera, ndi chinyengo chovala jekete. Uthenga upite m'Chiyao ndi m'Chichewa, m'mizikiti ndi m'matchalitchi, ndipo mapu apachikidwe poyera kwa masabata angapo kuti ngakhale wosadziwa kuwerenga aloze ndi chala pamene pali njira yake.

Mau otsiriza, amenenso ndi olemera koposa, akupita kwa atsogoleri a Chipani ndi ogwira ntchito za Boma eni ake. Anthu sadandaula kwenikweni chifukwa choti sitolo yamangidwa. Amadandaula akamva kuti puloti ya pakona inagwera wapampando wa dera, yotsatira inagwera mlamu wa kalaliki, ndipo yachitatu inalembedwa m'dzina la mwana amene akadali pa sukulu. Chipani chimene chili m'Boma chinapatsidwa udindo wosunga chuma cha dziko, sichinapatsidwe chumacho. Nsalu ya Chipani si chiphaso cha malo, ndipo mnyamata amene akugulitsa mapuloti kapena kutolera ndalama pa malo a Boma m'dzina la Chipani akuba kawiri: akubera anthu nthaka, akuberanso Chipani mbiri yabwino. Wotero akanenedwe ku polisi kapena ku bungwe lothana ndi katangale la Anti-Corruption Bureau, ndipo woyamba kumunena akhale wapampando wa nthambi yake.

Wogwira ntchito za Boma amene ali mu komiti yogawa mapuloti, ngati iye kapena mbale wake wapempha nawo, anene poyera ndi kutuluka m'chipindamo nkhaniyo isanayambe, ndipo kutuluka kwakeko kulembedwe m'buku la zokambirana. Mfumu imene yapatsidwa envulopu usiku ikumbukire kuti mawa m'mawa idzaweruza milandu pamaso pa anthu omwewo. Ndipo mndandanda wa onse opatsidwa malo, ndi nambala ya puloti, kukula kwake ndi lendi yake, ukhomedwe pa bolodi la khonsolo, pa msika wa Namwera ndi pa bwalo la mfumu, njerwa yoyamba isanayalidwe.