Mawu a Wapampando pa za Chithandizo cha Ana Ogonera ku Sukulu

Wapampando anakumbutsa mafumu ndi makolo a ku Nkhotakota kuti ngakhale Boma linachotsa fizi ya pulayimale m'chaka cha 1994, mwana wogonera ku sukulu afunabe chakudya, bulangeti ndi sopo. Anati thumba la Bungwe ndi laling'ono. Chotero Komiti isayang'ane malaya a munthu, koma ifunse kwa nyakwawa ngati atate wa mwanayo ali ndi bwato, khoka kapena dimba la mpunga. Ndipo msodzi asayesedwe wolemera msanga, pakuti mwera ukaomba m'mwezi wa June, bwato limagona pamtunda. Mwana wa mayi wamasiye ndiye ayambe kulandira, popeza munda wa chinangwa sungalipire ndalama zogonera. Mayina afike kwa Mlembi sukulu zisanatsegulidwe.